Galu akauwa usiku kuseri kwa nyumba: zochita akakumana ndi nyama yakutchire

Ambirife galu timamusungira ulonda. Masana amagona pamthunzi kapena m'khola, kukada timamumasula kuti azizungulira nyumba, ife n'kugona mtima uli m'malo. Komatu usiku sikuyenda akuba okha. Ndi nthawi imene fisi, nkhandwe, nungu, vumbwe, kanyimbi, chiuli ndi njoka zimatuluka kukafuna chakudya, ndipo kuseri kwa nyumba zathu kuli zambiri zozikopa: dzala, khola la nkhuku, mbale ya galu yotsala nsima, mpopi wodontha. Izi si zakumudzi kokha. Mumzinda wa Lilongwe muli afisi okhala momwemo, amene usiku amayenda motsata mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ndipo ofufuza za nyama a bungwe la Carnivore Research Malawi akhala akuwalondola kwa zaka zambiri. Okhala m'mphepete mwa mapiri ku Zomba, ku Dedza, ku Mulanje kapena ku Michiru alendo amenewa amawadziwa bwino.

Ntchito ya galu ndi kukudzutsani. Akauwa, mbali yake wakwaniritsa. Kumenyana ndi chilombo si ntchito yake, ndipo zonse zimene ndalemba pansipa cholinga chake n'chimodzi: kumuchotsa galuyo pafupi ndi nyamayo msanga, inu osalumidwa, kenako n'kusamalira bwino chilichonse chimene chachitika.

1. Yambani masana, zisanachitike

Chinthu choyamba ndi katemera wa chiwewe. Mwana wa galu azibayidwa akakwana miyezi 3, kenako muzimubayitsanso chaka ndi chaka, kapena monga angakuuzireni dokotala wa ziweto. Alangizi a ziweto a boma amachita kampeni ya katemerayu m'madera, ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu kuyambira 2015, ndipo mabungwe osamalira ziweto a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amathandizanso. Kakhadi kamene amakupatsani musakataye m'dilowa ya zinthu zosafunika. Kasungeni pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana, chifukwa tsiku limene galu wanu adzalumidwe kapena kuluma munthu, funso loyamba lidzakhala lakuti anabayidwa liti.

Kenako zungulirani bwalo lanu muone chimene chingaitane nyama yanjala. Dzala losakwirira ndiye woitana wamkulu. Mafupa, nthenga, matumbo a nkhuku, mamba a nsomba, zonsezi zikwirireni ndi dothi lokwanira kapena ziikeni m'bini yotsekeka. Tsiku limene mwapha mbuzi, kaya ndi pa Khrisimasi, pa Eid kapena pa chinkhoswe, tsukani pamene panagwera magazi ndipo chikopa chisagone panja. Galu mudyetseni dzuwa lisanalowe, mbale n'kuichotsa. Nsima ya gaga ndi usipa ikagona panja imaitana makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka sizichedwa kufika. Mango akugwa okha m'nyengo yake atoleni madzulo. Pamene pamadikha madzi pafupi ndi mpopi kapena bafa pamasonkhana achule, ndipo achule ndi ndiwo za njoka zolavula. Milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akale isunthireni kutali ndi pogona galu, udzu wa m'mbali mwa mpanda muziutchetcha makamaka dzinja.

Mpandawo uyendereni pang'onopang'ono, maso pansi. Wa udzu kapena wa bango umaboka m'munsi. Wa njerwa umakhala ndi mabowo otulukira madzi a mvula, ndipo ambiri timaiwala kuti amenewa ndi makomo a nyama zing'onozing'ono. Atsekeni ndi waya wa sefa kuti madzi azidutsa koma nyama ayi. Nungu amakumba pansi pa mpanda, choncho mukaona dothi latsopano lofukulidwa, kwirirani ndi miyala.

Tsopano za pogona. Apa ndilankhula mosabisa: kumangirira galu pamtengo ndi unyolo usiku wonse, kudera kumene kumayenda afisi, n'kumupereka. Galu womasuka akaona kuti zamukulira amathawa. Womangidwa alibe kolowera, ndipo ngakhale njoka ikamuyandikira sangathe kuilambalala. Ana agalu, agalu aang'ono a m'nyumba aja, galu woyamwitsa ndi galu wokalamba azigona m'khola lotsekeka bwino, m'kitchini kapena m'nyumba momwe. Wamkulu amene mukufuna azilondera akhale womasuka m'kati mwa mpanda, koma akhale ndi pothawira: kanyumba kolimba, kakhomo kakang'ono koti chilombo chachikulu sichingalowe. Ngati mulibe mpanda, n'kwabwino agone pakhonde lotchinga. Amauwabe ali momwemo, ndipo inu mumamumva bwino kuposa ali kudambo. Kumufula galu wamwamuna kumachepetsanso mtima woyendayenda usiku.

Muphunzitseni kubwera mukamuitana. Madzulo aliwonse, muimbireni likhweru limodzi lomwelomwelo n'kutchula dzina lake, akabwera m'patseni kausipa kapena kachidutswa ka chiwamba. Musamuitane kuti mumumenye, ngakhale atalakwa chotani, chifukwa galu amene amadziwa kuti kuitanidwa kumathera pa ndodo sadzabwera usiku umene mukumufunitsitsa.

Pomaliza, pafupi ndi chitseko chakuseri pazikhala tochi yowala kwambiri yotchaja kale, nsapato zotseka kapena majombo, chingwe cha galu, ndowa ya madzi, sopo, magolovesi ndi bulangete lakale. Nambala ya mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto wapafupi ikhale kale m'foni.

2. Akauwa, mverani kaye musanatsegule chitseko

Galu wamkota sakandira pachabe, anatero akuluakulu, ndipo mukakhala naye nthawi mumayamba kusiyanitsa mauwidwe ake. Kuuwa kongoyankhana ndi agalu a kwa aneba kumamveka kotayirira, kopumira. Kuuwa kothamanga, kosalekeza, atangoima malo amodzi, kumasonyeza kuti chilipo chimene wachipanikiza pakona, pansi pa nkhuni kapena mumtengo. Akamadumphira kutsogolo n'kubwerera m'mbuyo, maso ali pansi, ganizirani njoka. Galu wolimba mtima akangoti zii mwadzidzidzi, kapena akabwera kudzakanda chitseko mchira uli pakati pa miyendo, ndiye kuti panja pali chomuposa. Mutsegulireni alowe, mafunso pambuyo.

Yatsani magetsi apanja ngati alipo. Unikani kaye muli pawindo kapena pakhonde. Maso a nyama zambiri amanyezimira mukawalozetsa tochi, ndipo kutalika kwa pamene akuwalira kukuuzani msinkhu wa nyamayo: pafupi ndi nthaka ndi kanyama kakang'ono, m'chiuno mwa munthu kapena chapafupi pamenepo ndi nkhani ina. Ana asatuluke, ngakhale alire bwanji kuti galu wawo afa. Inunso osatuluka osavala nsapato. Mphiri sithawa munthu ngati njoka zina, imangokhala duu pamene ili, ndipo ambiri amalumidwa chifukwa choiponda mumdima.

Nthawi zambiri mudzapeza kuti mlendoyo ndi galu mnzake wongoyendayenda. Musapepuse. Kuno kwathu chiwewe chimafala kwambiri kudzera mwa agalu amenewa kuposa nyama zakutchire, choncho zonse zili m'munsimu zikugwiranso ntchito pa iwo.

3. Itanani galu, nyamayo muipatse njira

Imbani likhweru lija, tchulani dzina ndi mawu olimba koma osakuwa mwamantha. Gwedezani mbale yake kapena tsegulani chitseko kuti aone kolowera. Akabwera, mutsekereni m'nyumba kapena mumangeni pachingwe. Ngati agalu ali awiri kapena atatu, yambani ndi amene amakumverani kwambiri, chifukwa agalu amalimbitsana mtima, ndipo mmodzi akachoka enawo amafooka.

Cholakwa chimene chimapha agalu ambiri ndi mawu aja akuti "Gwira! Gwira!" Mwini galu akafika ndi tochi, galu amaona kuti thandizo labwera ndipo amalumphira chinthu chimene ali yekha akanangochiuwa chapatali. Musamulimbikitse, musathamangire kumene kuli nyamayo.

Nyama yakutchire imene yalowa mumpanda imafuna kutuluka kuposa mmene inu mukufunira kuti ituluke. Imamenya ikasowa kothawira. Choncho galu akachoka, tsegulani geti ngati mungalifike bwinobwino, chokani pakati pa nyamayo ndi potulukira, bwererani pakhonde. Menyani chidebe, lata kapena poto, walitsani tochi chakumbuyo kwake. Kenako ipatseni nthawi. Kanyimbi, vumbwe kapena nungu zikaona kuti phokoso la galu latha zimadzichokera zokha.

Fisi ndi wosiyana. Wamkulu amalemera makilogalamu 50 kapena kuposa, nsagwada zake zimaphwanya mafupa a ng'ombe, ndipo galu kwa iye ndi ndiwo. Palibe galu wapakhomo amene angalimbane naye. Musamutsatire mumdima, ngakhale atanyamula nkhuku kapena mbuzi. Mukakumana naye maso ndi maso, musathamange ndipo musam'patse msana. Imani chilili, muunikeni kumaso, kuwani, bwererani chafutambuyo mpaka pakhomo. Dzutsani aneba kuti magetsi ndi phokoso zichuluke. Za fisi anthu amakamba zambiri, ena amati ndi wotumidwa, koma zimenezo zisakuchititseni kutaya nthawi: bala la fisi limafuna sopo, madzi ndi chipatala usiku womwewo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene ena amagona panja kapena kusiya zitseko zotsegula, ngati kwamveka fisi m'dera lanu ana agone m'nyumba.

Ikakhala njoka, ntchito ndi imodzi: galu achoke, anthu atalikire. Njoka yolavula, imene ambiri amangoitcha mamba, imatha kuponya ululu wake mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo imalunjika m'maso. Musaiyandikire ndi khasu mumdima. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kupha njoka imene ikanadzipitira.

4. Ngati agwirana kale

Manja anu asayandikire kumene kuli mano. Galu amene ali pa ndewu sazindikira mbuye wake, amaluma chilichonse chomukhudza. Akhuthulireni ndowa ya madzi kumutu, kapena athireni ndi paipi. Menyani malata pafupi nawo. Lowetsani pakati pawo chinthu chachikulu chosalala, monga thabwa, chitseko chakale kapena chivundikiro cha bini, inu muli kuseri kwake. Bulangete loponyedwa pamutu pa galu limamusokoneza kwa kanthawi kokwanira kuti kanyamako kathawe. Akangolekana, kolani galu ndi chingwe mumukokere kutali, chifukwa akapuma pang'ono amabwereranso.

Ngati wagwidwa ndi fisi, chitani phokoso ndi kuwala muli patali. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva galu wako akulira iwe osamufikira, koma musalowepo ndi manja kapena chikwanje.

5. Muunikeni thupi lonse pamalo owala

Valani magolovesi, kapena majumbo awiri kudzanja lililonse ngati mulibe. Malovu a nyama ija angakhale adakali paubweya wa galu, ndipo ngati muli ndi kachilonda padzanja angakupatsireni matenda. Galu womva ululu amaluma, choncho mumangeni kukamwa ndi kansalu kong'amba pachitenje: zungulizani pamphuno, pingasani pansi pa chibwano, mangani kuseri kwa makutu. Koma musamumange ngati akupuma movutika, akusanza, kapena nkhope yatupa.

Yambani kumutu. Onani maso, milomo, makutu, khosi, m'khwapa, pamimba, pakati pa miyendo yakumbuyo ndi kumapazi. Pitirizani dzanja mobweza ubweya kuti muone khungu. Tukulani mlomo muone nkhama: za galu wabwino zimakhala zofiirira, zikayera mbuu ndiye kuti wataya magazi ambiri kapena thupi lafooka kwambiri, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye nthawi yomweyo.

Pamene pakutuluka magazi, dindani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 5 mpaka 10 osatukula kuti muone. Nsalu ikanyowa, sanjikani ina pamwamba. Magazi akasiya, metani ubweya wozungulira bala ndi sizasi, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri, kenako tsukuluzani ndi madzi a mchere: supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita ya madzi owiritsa, ozizira. Musathiremo oyilo wakuda wa galimoto, petulo, phulusa kapena madzi a batire. Zimenezi zimawotcha mnofu ndipo bala limachedwa kupola. Musam'patsenso Brufen kapena Panado wa anthu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado wopitirira muyezo amawononga chiwindi.

Mabala a mano amanyenga. Kunja mumangoona timabowo tiwiri, koma m'kati mnofu unang'ambika ndipo tizilombo talowa. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamatupa, pamatentha, n'kuyamba mafinya. Choncho bala lililonse la kulumidwa, ngakhale laling'ono, likaonedwe ndi dokotala wa ziweto kukacha. Bala la pachifuwa, pamimba kapena pakhosi lisadikire kucha.

Minga ya nungu. Nungu saponya minga monga amanenera ena. Amaimika minga, kuigwedeza, n'kuthamanga chafutambuyo kudzagunda mdani wake, ndiye galu amabwera minga ili kumaso, pakhosi ndi pachifuwa. Minga imeneyi imalowa mozama ndipo imathyoka. Umodzi kapena iwiri imene yangolowa pang'ono pamwendo mutha kuizula ndi pulayala, mutagwira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika mmene unalowera, osapotoza. Koma ya pachifuwa, pamimba, pakhosi, m'kamwa kapena pafupi ndi diso musaikhudze. Mulepheretseni galu kudzikanda ndi kugubuduka, munyamuleni mupite naye. Chidutswa chotsalira m'kati chimaola, nthawi zina chimasuntha n'kukafika pa mapapo.

Kulumidwa ndi njoka. Agalu kawirikawiri amalumidwa kumaso, pakhosi kapena miyendo yakutsogolo. Ululu wa mphiri umatupitsa msanga, pamalopo pamapweteka kwambiri ndipo timabowo timachucha madzi osakanikirana ndi magazi. Kutupa kwa pakhosi n'koopsa chifukwa kumatseka mpweya, choncho vulani kolala nthawi yomweyo. Ululu wa njoka zina sutupitsa kwenikweni koma umafooketsa: zikope zimagwa, dovu limatuluka, miyendo imalephera, kupuma kumavuta. Zonse ziwiri, chochita n'chimodzi. Musamuyendetse, munyamuleni pabulangete kapena m'wilibala, akhale phee, imbirani dokotala muli m'njira. Musamange mwendo ndi mphira, musateme, musayamwe, musatenthe ndi moto, ndipo musataye nthawi kumumwetsa mkaka, mazira kapena mafuta. Ngati njokayo ikuoneka, ijambuleni ndi foni muli patali. Ngakhale yakufa musaigwire kumutu, imatha kulumabe.

Akalavuliridwa m'maso, galu amatsinzina, amalira, amakhula nkhope pansi, misozi ili chuchuchu. Apa mankhwala ake enieni ndi madzi, ndipo ali m'manja mwanu. Wina amugwire, inu mutsegule chikope ndi zala n'kumathira madzi oyera pang'onopang'ono kuchokera mbali ya mphuno kupita kunja, kwa mphindi 15 mpaka 20 osalekeza. Zimaoneka zotalika, koma maso ambiri amapulumuka chifukwa cha kutsuka kumeneku. Mukatero mutchingeni kuti asadzikande, kukacha akaonedwe chifukwa ululuwo umatha kusiya chilonda padiso. Ngati inunso yakulavulirani, chitani chimodzimodzi, kenako kuchipatala.

Chule amaopseza anthu pachabe. Galu akaluma chule wa khungu la tokhakhala uja, amatuluka thovu lambiri kukamwa, amapukusa mutu, amakanda pakamwa. Ambiri amafuula kuti chiwewe, ena mpaka kumupha galu wosalakwa. Chiwewe sichiyamba mphindi zochepa chichitikireni chinthu. Mutavala magolovesi, pukutani nkhama ndi lilime ndi nsalu yonyowa kangapo, mutu utaloza pansi kuti asameze. Nthawi zambiri zimatha zokha. Akayamba kunjenjemera kapena kugwa, pitani naye.

Kanyimbi amasiya fungo loti simungamulole galu kulowa m'nyumba. Tsukani maso ndi madzi, thupi musambitseni panja ndi sopo wotsukira mbale wosakaniza ndi soda wophikira, mubwereze mawa lake. Koma pomusambitsapo fufuzani mabala, chifukwa kanyimbi amalumanso. Chiuli ndiye musachiderere poona msinkhu: khungu lake n'lolimba, sichibwerera m'mbuyo, ndipo galu amene walimbana nacho amakhala ndi mabala akuya.

6. Ganizirani za chiwewe nthawi zonse

Nyama iliyonse yoyamwitsa imatha kukhala ndi chiwewe, ndipo nkhandwe ndi imodzi mwa zodziwika pofalitsa matendawa kum'mwera kwa Africa. Nyama yakutchire yabwinobwino imaopa munthu. Mukaona nkhandwe kapena kanyama kena kakubwera pakhomo mopanda mantha, kakuyenda mozandima, dovu lili chuchuchu, kakuluma mitengo ndi miyala, kapena kakungokhala ngati koweta, kayikirani chiwewe. Ana auzeni kuti kanyama "kofatsa" kotero asakagwire.

Galu amene walumidwa ndi nyama yosadziwika, ngati anabayidwa kale, akabayidwenso katemera wina msanga, osadikira kampeni ya chaka chamawa, ndipo mumusunge payekha kwa nthawi imene dokotala anene. Ngati sanabayidwepo, nenani zoona kwa alangizi a ziweto ndipo tsatirani zimene akuuzeni, ngakhale zikhale zowawa. Kachilomboka kamatha kubisala m'thupi milungu ingapo mpaka miyezi, galu akuoneka bwinobwino, akusewera ndi ana.

Kwa munthu, lamulo ndi ili. Aliyense amene walumidwa, wakandidwa, kapena malovu amugwera pachilonda, m'maso kapena m'kamwa, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Yang'anani wotchi, chifukwa mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Mulibe mpopi, wina azithira ndi kapu kuchokera mundowa. Mukatero pakani ayodini kapena spiriti ngati alipo, bala musalimange zolimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa munthu amabayidwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo muyenera kumaliza onse. Ngati chipatala chapafupi alibe, funsani kalata yopita nayo kuchipatala cha boma chachikulu, musabwerere kunyumba kukadikira. Zizindikiro zikangoyamba, chiwewe sichichizika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo ana ndi amene amakhudzidwa kwambiri. Mwana amabisa kuti walumidwa poopa kukalipiridwa, choncho mufunseni mofatsa ndipo muoneni m'manja ndi m'miyendo nokha.

7. Kukacha

Yenderani bwalo dzuwa litatuluka. Mapazi panthaka yonyowa, ubweya wokodwa pawaya, minga yogwa, dothi lofukulidwa, zonsezi zikuuzani chimene chinabwera ndi pamene chinalowera. Tsekani pamenepo tsiku lomwelo, chifukwa nyama ikapeza chakudya malo amodzi imabweranso usiku wotsatira.

Mukapeza nyama yakufa, musaigwire ndi manja, musaisende, musaidye, ndipo agalu asaidye. Ngati inaluma galu kapena munthu, mutu wake musauphwanye, chifukwa ubongo ndi umene amapima kuti adziwe ngati inali ndi chiwewe. Itsekereni m'thumba ndi fosholo, ikani pamthunzi pamene ana ndi ziweto sangafike, itanani alangizi a ziweto. Iwo ndi amene amadziwa katumizidwe kake ku labotale, monga Central Veterinary Laboratory ya ku Lilongwe. Akakuuzani kuti muikwirire, kumbani dzenje lakuya n'kuikapo miyala pamwamba.

Nyama yovulala kapena mwana wa nyama, ivundikireni ndi dengu kapena katoni yoboola, tsekerani agalu, dziwitsani a dipatimenti yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Trust, amene amasamalira nyama zopulumutsidwa. Pali nyama imodzi yofunika kuitchula mwapadera: ngaka. Siluma, ilibe ndi mano omwe, galu akaiuwa imangodzipinda n'kukhala chete. Ndi yotetezedwa kwambiri, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, kupezeka nayo kapena kuigulitsa ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Galu wanu akaipeza, muchotseni, inu imbani foni kwa a nyama zakutchire kapena apolisi. Wina akakunong'onezani kuti ili ndi msika, musamumvere.

Mtima ukapsa, makamaka nkhuku zikatha kapena galu akafa, maganizo amathamangira ku tameki. Chonde musatero. Nyama yothira poizoni sisankha woidya. Amayamba kufa ndi agalu anu omwe, a aneba, amphaka, akhwangwala, ndipo mwana wokwawa akhoza kuitola. Misampha ya waya nayo imakola agalu kuposa zilombo. Fisi akavuta m'dera, nkhaniyo ipite kwa amfumu kapena akomiti ya m'dera ndi ku dipatimenti ya nyama zakutchire, ndipo aneba mugwirizane zokwirira maenje a zinyalala, chifukwa dzala la nyumba imodzi limaitanira mudzi wonse.

Masiku otsatira, bala muzilitsuka ndi madzi a mchere kawiri patsiku ndipo muzilitchinjiriza ku ntchentche, zimene zimaikira mazira n'kubala mphutsi msanga nyengo yotentha. Mankhwala amene dokotala wapereka amalize onse. Galu amene wagubuduzana ndi nyama yakutchire amatengako nkhupakupa ndi utitiri, choncho muchotseni ndi kumusambitsa mankhwala ake. Pakapita sabata imodzi mpaka zitatu akayamba kukana chakudya, kufooka, nkhama kuyera, mkodzo kufiira kapena kuda, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhupakupa, ndipo amachizika mukafulumira nawo. Koma mukaona khalidwe lasintha, galu wofatsa wayamba ukali, waukali wangoti zii pakona, mawu ouwira asintha, chibwano chalendewera, akulephera kumeza ngati watsamwa fupa, musalowetse dzanja m'kamwa mwake kufuna fupalo. Mutsekereni m'khola, ana ndi ziweto zitalikire, imbirani alangizi a ziweto, ndipo lembani mayina a onse amene anamugwira kapena kunyambitidwa naye m'masiku 10 apitawo kuti apite kuchipatala.